Tsiku Limene Ndinaperekeza Apongozi ku Ndende

Ndinakwatiwa ku Wovwe ndili mtsikana wapakamwa, wochokera ku Ntcheu, kumene mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake ndipo mwamuna ndiye amabwera kudzayenda chonyang'ama. Ku Karonga ndinangobwera kudzalera mwana wa achemwali anga, amene anali namwino. Amuna anga ndinakumana nawo pa Uliwa akugulitsa mpunga, ndipo ndinawanyoza kuti mpunga wawowo unali ndi miyala. Anandiyankha m'Chichewa chawo chopindika kuti ngati zikundiwawa ndibwere ndidzawapetere. Ndinapitadi, ndipo mpaka lero ndikupetabe.

Pa malangizo onse amene amayi a m'mudzimo anandipatsa, panali limodzi limene ankalibwerezabwereza. Apongozi aamuna, amene kumeneko amati atatavyara, sindinayenera kuwayang'ana kumaso, kuwayankhula, kuwakhudza, kapena kukhala nawo pansi pa denga limodzi. Mabanja ambiri anazisiya kale izi, koma banja limene ndinalowamo ine linkazigwira ndi manja awiri. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatuka, kugwada choyang'ana kutchire, chitenje kumutu, mpaka mapazi awo atapita. Kwathu nakonso apongozi timawaopa, koma osafika pamenepa. Tsiku lina tinakumanizana pa kamzere kopapatiza ka pakati pa minda ya mpunga, popanda popatukira, ndipo ndinadumphira m'matope dengu lili kumutu. Ndinafika kunyumba ndikutukwana, matope mpaka m'chiuno. Amuna anga anaseka mpaka misozi, nati tsopano ndakhala mkamwana weniweni, ndiye kuti mkazi wa mwana wa pakhomopo. Ndinangoti kwa eni kulibe mkuwe, koma mumtima ndinkati mwambo umenewu anaupeka munthu amene sankasenza dengu.

Komabe zinkatheka, chifukwa panali amuna anga. Apongozi aakazi anamwalira ndili ndi mimba yoyamba, ndipo kuyambira pamenepo madala aja ankakhala okha m'kanyumba kawo, kuseri kwa mtengo wa mango umene unali pakati pa nyumba zathu. Ine ndinkaphika, amuna anga n'kunyamula mbale. Madala akafuna kunena kuti ndiwo zachuluka mchere ankauza mwana wawo, mwana wawo n'kundiuza ine atachotsako minga. Ndinabereka ana awiri pakhomo pamenepo ndisanadziwe kuti apongozi anga ali ndi nkhope yotani. Ndinkadziwa chifuwa chawo, kakokedwe ka phazi lawo lamanzere, ndi jekete lawo lakuda limene ndinkachapa.

Chimene chinatengera amuna anga ku ndende ndi madzi. Pa sikimu ya mpunga madzi amayenda m'ngalande ndipo amaperekedwa mosinthana, lero mbali iyi, mawa mbali iyo. Chilimwe cha chaka chimenecho mtsinje unachepa, ndipo munthu aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso lofiira. Tsiku lathu la madzi amuna anga anapeza kuti wina watseka ngalande ndi matope n'kupatutsira madzi kumunda kwake, mbande zathu zikufota. Wotsekayo anali mbale wawo, mwana wa mng'ono wa apongozi. Anayamba ndi mawu, mawu anabereka zibakera, ndipo amuna anga anali ndi khasu m'manja. Anamumenya ndi mpini kumutu. Mbaleyo sanafe, koma anagona m'chipatala nthawi yaitali ndipo dzanja lake limodzi silinagwirenso ntchito. Sindiwayeretsa amuna anga. Analakwa, ndipo iwo eni ananena choncho pamaso pa woweruza. Anawapatsa zaka zoti mwana wobadwa tsiku limenelo akanayamba sukulu iwo asanatuluke.

Mudzi unagawanika ngati chinangwa. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ine ndinachiona chikununkha. A mbali ya wovulalayo anasiya kutipatsa moni, ndipo a mbali yathu anaopa kuoneka pakhomo pathu kuti angawerengedwe kuti akuvomereza magazi. Apongozi kukhoti sanapite. Ndinamva kwa anthu kuti anauza mng'ono wawo pamaso pa abale kuti mwana amene wakhetsa magazi a m'banja akhale komweko, iwo phazi lawo silidzapondako.

Chaka choyamba sindifuna kuchikumbukira kwambiri. Ndinawokera mpunga ndekha, msana ukuwotchedwa ndi dzuwa la ku Karonga limene silidziwa chisoni. Mpunga utayamba kucha ndinkapirikitsa mbalame kuyambira mbandakucha, mawu mpaka kusasa, mwana wamng'ono ali kumsana. Mbuzi zinapita imodziimodzi. Mwana wanga wamkulu, mtsikana, anabwera kuchokera kusukulu tsiku lina n'kukana kudya, chifukwa anzake ankamuyimba kuti mwana wa kaidi. Kutchalitchi amayi a kwaya sanandithamangitse, koma benchi limene ndinkakhala linkapezeka kuti lili ndi malo ambiri. Amuna ena a m'mudzimo anayamba kundichitira chifundo chodabwitsa, kufunsa ngati denga silikudontha. Mmodzi ndinamuuza kuti denga limene likudontha ndi la pakamwa pake, ndipo sanabwerenso. Amayi anga ankandiimbira foni kuti nditenge ana ndibwerere kwathu, osamvetsa kuti kuno ng'ombe za malowolo zikaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Ndinalira mvula, ndinalira ndi matope omwe.

Koma chimene chinkandisautsa tsiku ndi tsiku chinali chaching'ono: pakhomo panatsala akuluakulu awiri amene sankaloledwa kuyankhulana. Mwana wamkulu akakhalapo ankanyamula mbale ndi mauthenga. Akapita kusukulu, tinkatsala ine, khanda, ndi madala kuseri kwa mango. Masiku oyamba ndinkaika chakudya pa mpando pansi pa mtengo, kukhosomola, n'kuthawira m'nyumba. Kenaka m'mawa wina ndinamva madala akuyankhula mokweza, m'Chichewa, chimene sankachiyankhula kawirikawiri.

“Iwe mtengo wa mango,” anatero, “ngati pali munthu akukumva, umuuze kuti ng'ombe yamasula chingwe.”

Ndinatuluka kukaigwira ng'ombe ija ndikuseka ndekha, koyamba chichokereni amuna anga. Pobwera ndinaima chofulatira n'kuuza mtondo wanga wosinjira kuti ng'ombe yamangidwa ndipo madzi osamba ali kubafa. Kuyambira tsiku limenelo mtengo wa mango ndi mtondo zinkacheza kwambiri. Mtengo unkadziwa nthawi yothira feteleza ndi munthu woyenera kumupempha kuti atilimire ndi ng'ombe. Mtondo unkadandaula za mitengo ya zinthu. Za munthu amene anali ku ndende, mtengo sunafunsepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zinkandipweteka ndi kundikwiyitsa.

Ku ndende ya ku boma ndinkapita ndikapeza ya minibasi. Ndinkanyamula ufa, usipa wouma, sopo, nthawi zina mpunga wophika. Chimene ndinazindikira ndi chakuti tsiku lililonse la ulendo, ndikatsegula chitseko, ndinkapeza pakhonde phava la nthochi zakupsa kapena chigubu cha chambiko, mkaka wowawasa umene amuna anga ankaukonda. Palibe amene ananenapo kanthu. Ndinkangoika m'chikwama. Amuna anga akalandira ankayang'ana chigubucho nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa za ana.

M'chaka chachiwiri maso a apongozi anayamba kuchita ng'ala. Ndinazindikira ndi makutu. Ndinkamva akugunda mpando, akufufuza chitseko ndi dzanja, ndodo ikugogoda pamene kale sinkagogoda. Mwana wanga anandiuza kuti agogo akumusokoneza ndi mwana wa oyandikana nawo. Mtondo unanena za kuchipatala, koma mtengo unayankha kuti maso amene aona zokwanira asawavutitse.

Ndiye tsiku lina nditapita ku ndende ndinapeza amuna anga asakuseka nthabwala zanga, zimene ankaseka ngakhale zikhale zosakoma.

“Akutisamutsa,” anatero. “Ife a zaka zambiri akuti tipita kummwera. Kuno kwadzaza.”

“Liti?”

“Sanena tsiku. Akuti sabata ya mawa isanathe.” Kenaka anawonjezera, “Adada musawauze. Asiyeni.”

Ndinawayang'ana kupyola waya wotilekanitsa ndipo ndinadziwa kuti akunama. Munthu amene safuna kuti bambo ake auzidwe satchula n'komwe. Madala aja anali atafooka moti ulendo wa kummwera sakanautha, ndipo zaka zimene zinatsala zinali zambiri kuposa mphamvu zimene zinatsala m'thupi mwawo. Akapanda kuonana sabata imeneyo, sakanaonananso.

Nditafika kunyumba ndinakhala pafupi ndi mtondo wanga, msana kuloza ku mango. Ndinanena zonse mmene ndinazimvera. Kenaka pakamwa panga pa ku Ntcheu panandipitirira, ndipo ndinauza mtondo kuti nthochi zilibe maso, chambiko sichiyankhula, ndipo munthu amene ali ndi mwana mmodzi yekha wamwamuna aganize bwino. Mkamwana sayankhula choncho, ngakhale kwa mtondo. Ndinagona ndi mantha kuti ndawononga ngakhale kachibale kochepa kamene tinali nako.

M'mawa mwake ndikusesa ndinamva kukhosomola.

“Iwe mtengo,” anatero madala, “jekete lija lichapidwe.”

Vuto linali la wowaperekeza. Mwa amuna a pabanjapo panalibe amene akanalola kuonedwa akutsogolera madala ku ndende, pambuyo pa mawu amene ananenedwa pamaso pa abale. Mwana wanga anali wamng'ono kwambiri pa ulendo wotere, ndipo ana kumeneko sankawalowetsa. Ndinaimbira foni alamu anga, mlongo wa amuna anga amene anakwatiwa ku Lupembe, m'njira yopita ku boma. Tinagwirizana kuti ine ndikweza madala minibasi, iwo kutsogolo ine kumbuyo kwenikweni, ndipo alamuwo adzatidikira pamsewu pa Lupembe kuti kuyambira pamenepo awagwire dzanja ndi iwo.

Tinanyamuka m'mawa pa njinga ziwiri za kabaza, yawo patsogolo yanga patali pambuyo. Pamsewu waukulu ndinapempha kondakitala kuti awakhazike kutsogolo. Anthu a m'minibasimo anamvetsa msanga, ndipo mayi wina anandisunthira malo pakona nati, “Yewo, mkamwana, mwalangika.” Za denga limodzi tonse tinangozinyalanyaza, poti minibasi si nyumba. Ndinafunda chitenje ngakhale kunkatentha, ndipo msewu wonse ndinkangoona kumbuyo kwa chipewa chawo.

Pa Lupembe minibasi inaima. Panali amayi ogulitsa chinangwa chophika ndi bambo wina wa nkhuku, koma alamu anga panalibe. Ndinaimba foni, inali yozima. Ndinapempha dalaivala kuti adikire pang'ono, anadikiradi, kenaka anthu anayamba kung'ung'udza ndipo galimoto inanyamuka. Patapita masiku ndinamva kuti amuna awo anawaletsa, poopa kudana ndi a mbali inayo. Sindinawasungire mangawa, koma tsiku limenelo ndinawatukwana mumtima kuyambira pa Lupembe mpaka pa boma.

Pa depoti kondakitala anawatsitsa madala n'kuwaimika pambali, kenaka anathamangira anthu ena. Panali phokoso la njinga zamoto, mahutala, anyamata okuwa za ku Songwe. Ndinawaona cham'mbali ataima pomwe anawasiyapo, ndodo m'manja, mutu ukutembenukira uku ndi uku. Panalibe mtengo wa mango, panalibe mtondo. Ndinayandikira chobwerera m'mbuyo ngati nkhanu, mpaka ndinaima patsogolo pawo chowafulatira. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti mwana wawo wamkazi sanabwere, ndipo ngati ndodo ingakwezedwe, pali munthu amene angagwire nsonga yake.

Kenaka ndinamva nsonga ya ndodo ikundigunda pachigongono.

Tinayenda choncho m'tauni, ine patsogolo, dengu kumutu, dzanja limodzi kumbuyo litagwira ndodo, iwo akukoka phazi lawo pambuyo. Pakakhala dzenje ndinkauza msewu kuti uli ndi dzenje. Pakabwera njinga ndinkaima, ndipo ndodo inkawauza kuti aime.

Pa chipata cha ndende panali msilikali wachinyamata wa cha kwathu ku Ntcheu, ndinamudziwa ndi kayankhulidwe. Anafufuza dengu, kubaya ufa ndi kamtengo, kundilawitsa chakudya monga mwa masiku onse. Kenaka analoza ndodo.

“Iyi itsala pano, mayi. Ndodo silowa.”

“Achimwene, madalawa saona.”

“Ndiye agwireni dzanja. Si bambo anu?”

“Ndi apongozi anga.”

“Nanga vuto lili pati?” Sankanena mwachipongwe. Sankadziwa basi, monga mmene ine sindinkadziwira pobwera.

Ndinamva madala akupereka ndodo ija okha, osatsutsa. Pambuyo pathu panali mzere wa anthu ndipo ena anali a konkuno, odziwa bwino chimene chinali kuchitika. Ndinamasula chitenje chimene ndinafunda, kugwira nsonga imodzi, inayo n'kuiponya kumbuyo. Anaifufuza m'malere mpaka anaipeza. Tinalowa choncho, msilikali uja akutiyang'ana ngati tapenga.

Malo oonerana anali khonde lalitali logawidwa ndi waya. Mbali yathu alendo, mbali inayo akaidi, onse ovala zoyera, onse ometa mpala, onse akukuwa nthawi imodzi kuti amveke. Ndinawafikitsa madala pa waya n'kuima pambali, nkhope kukhoma. Dzina la amuna anga linaitanidwa. Ndinawaona akutuluka pakhomo la mkati, akundifunafuna ine monga mwa nthawi zonse, kenaka maso awo anagwera pa jekete lakuda lija. Anaima. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa waya, chakumanja kwa bambo awo, pakamwa pakuyenda koma mawu osatuluka.

Madala anali atavula chipewa. Ankaona zoyera zokhazokha zikuyendayenda. Patsogolo pawo penipeni panaima mkaidi wina, wamtali ngati amuna anga, amene ankadikira mlendo wake. Madala anakweza dzanja, kuligwiritsa pa waya, n'kuyamba kuyankhula naye munthu uja m'Chitumbuka, motsitsa mawu. “Mwana wane,” anatero. “Mwana wane, nafika.” Ankamuuza kuti ng'ombe ili bwino, kuti ana akukula, kuti mawu aja ananena pamaso pa abale anali a pakamwa chabe. Mkaidi uja anali wochokera kutali, sankamva chilichonse, ankangoyang'ana kumbali mwamanyazi. Amuna anga anali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamenepo, misozi ikutsika, akulephera ngakhale kukhosomola. Msilikali wa mkati anali atayamba kale kuyang'ana wotchi.

Mawu amene madala anawasunga zaka ziwiri ankathera pa mlendo. Ndinayesa kuuza khoma kuti munthuyo ali chakumanja, koma phokoso linameza mawu anga. Ndinayesa kukoka chitenje, koma anali atachitaya. Sindinganame kuti ndinaganiza bwinobwino. Ndinatula dengu, kutembenuka, kupita kwa apongozi anga, n'kuwagwira mutu ndi manja anga awiri, dzanja lina tsaya ili, lina tsaya ilo. Khungu lawo linali lofewa ndi lotentha, ndevu zoyera zikundibaya m'manja. Anadzidzimuka thupi lonse. Ndinawayang'ana kumaso, m'maso awo otuwa aja, ndipo ndinati, “Adada, si ameneyo.” Ndinatembenuza nkhope yawo pang'onopang'ono mpaka inaloza mwana wawo.

Sanachotse manja anga. Anangoti, “Ali apa?”

“Ali apa.”

Pamenepo mawu a amuna anga anatuluka, osasa ngati a mwana amene walira nthawi yaitali. “Adada, nili kuno.” Analowetsa zala m'mabowo a waya. Ndinatenga dzanja la madala n'kuliika pa zalazo, ndipo anazigwira chimodzichimodzi ngati akuziwerenga. Kenaka anayambiranso pachiyambi, kuti ng'ombe ili bwino, kuti ana akukula, ndi zina zija. Ine ndinaima pambali pawo, phewa langa likukhudza jekete lawo, ndikulira poyera pamaso pa anthu onse, mpaka belu linalira.

Amuna anga anawasamutsa sabata yomweyo. Apongozi anamwalira mvula yotsatira itangoyamba, mbande zili pa nazale. Masiku awo omaliza ndinkawamwetsa phala ndi supuni m'nyumba mwawo, ndipo amayi a m'mudzimo ananena zambiri. Uthenga wa maliro ndinakaupereka ndekha kummwera, pa waya wina. Amuna anga anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa kuti anawatseka maso ndani. Ndinawauza kuti ndine.